Lachiwiri wamba ku Glasgow: yankho kwa mng'ono wanga amene akunyamuka mu Seputembala

Sabata yatha ndinalandira imelo kuchokera kwa mtsikana amene sitinaonanepo, ndipo wandilola kuti ndimuyankhire pano chifukwa mwina si yekha amene funsoli likumusowetsa tulo. Dzina lake ndalibisa. Mwachidule analemba motere:

"Achemwali, ndine mng'ono wanu wa zaka 24. Ndapeza malo komanso thandizo la fizi ndi ndalama ya mwezi ndi mwezi kuti ndikachite digiri ya masitazi ku Glasgow, mzinda wa ku Scotland m'dziko la UK, kuyambira Seputembala. Za viza ndi matikiti aliyense akundiuza, ndipo zithunzi za anthu ataima pa chipale chofewa ndaziona zambirimbiri pa Facebook. Koma palibe amene wandiuza kuti Lachiwiri wamba limakhala lotani. Munthu amadzuka nthawi yanji, amadya chiyani, amacheza ndi ndani? Ndalama zimakwana? Inu munakhalako, ndiuzeni zoona."

Poti wanena wekha kuti ndiwe mng'ono wanga, ndizikutchula kuti iwe, ndipo sindikunyengerera.

Tiye titenge Lachiwiri la kumapeto kwa Novembala, chifukwa la mu Seputembala limanamiza. Mu Seputembala zonse ndi zatsopano, kuli timaphwando tolandirira ophunzira, akukugawirani zolembera ndi tizikwama taulere, dzuwa likulowa itadutsa 7 koloko madzulo, iwe ukuyenda mumsewu ukumwetulira wekha ngati wokondwa ndi mowa. La mu Novembala ndi lina. Alamu ya pa foni yalira 7:30, kunja kukadali mdima. Mvula ikuwaza pa windo, si yamkuntho ayi, ndi yopyapyala yosatopa ija, imene imanyowetsa munthu asakudziwa. Wapita ku khitchini, wapeza mbale za mnzako wa chipinda chinacho zili mu sinki kuyambira Lamlungu. Wamwa tiyi ndi buledi uli chiimire. Kalasi ndi ya 10 koloko mpaka 12. Mwakambirana bwino, mwaseka, aphunzitsi atseka kompyuta yawo. Anzako avala majekete, akuti tionana Lachinayi, aliyense walowera kwake. Watsala wekha pakhomo, nthawi ili 12:05, dzuwa, ngati latulukako n'komwe, lilowa isanakwane 4 koloko, ndipo palibe munthu ndi mmodzi yemwe mumzinda wonsewo amene akudikira kuti ufike penapake mpaka Lachinayi.

Nkhani yonse yagona pa 12:05 pamenepo. Anthu adzakuopseza ndi kuzizira, ndi Chingelezi, ndi kukwera mtengo kwa zinthu, ndipo zonsezo ndi zoona ndithu, ndizikamba. Koma chimene chinandigwetsa ine, ndi ena angapo amene ndinawaona akufota, ndi nthawi yopanda mwini imeneyi. Palibe belu. Palibe amene amagogoda pachitseko kuti lero sitinakuone, wadzuka bwanji. Ukadzitsekera m'chipinda masiku atatu, dziko limangopitirira.

Ndikuwerengere masamu ake kuti uone pamene pali msampha. Masitazi ya chaka chimodzi ku UK imakhala ndi ma credit 180, ndipo credit imodzi amaiwerengera maola 10 a ntchito. Ndiye kuti akuyembekezera maola 1,800 kuchokera kwa iwe m'miyezi 12, pafupifupi maola 35 sabata iliyonse osapumira. Pa maola amenewo, ine a m'kalasi anali 9 okha pa sabata. Otsalawo ndi ako, ukawerenge wekha, ukalembe wekha, ukadzifunse wekha ngati wamva. Ndipo mwa ma credit 180 aja, 60 nthawi zambiri ndi a dissertation, pepala lalitali la kafukufuku limene umalemba miyezi ya chilimwe, makalasi atatha, ukumakumana ndi wokuyang'anira kangapo chabe. Munthu wozolowera kuti sukulu ndi kukhala pa desiki kuyambira m'mawa mpaka madzulo amaona timetable ya maola 9 n'kuganiza kuti wagwera m'mbale. Ine ndinaganiza choncho.

Masabata asanu ndi limodzi oyambirira ndinkabwerera ku chipinda kalasi ikatha, n'kunena kuti ndiwerenga ndili pabedi poti kukutentherako. Ndinkagona. Ndikamadzuka kwada kale, mtima n'kuyamba kundiimba mlandu, ndiye ndinkawerenga usiku mpaka 3 koloko, n'kudzuka mochedwa, tsiku lotsatira lopanda kalasi osaliona n'komwe kuwala kwake. Sabata ina ndinawerengetsa n'kupeza kuti kuyambira Lachinayi masana mpaka Lolemba sindinatulutse mawu pakamwa. Ngakhale kusitolo ndinalipira pa makina odzilipirira wekha aja, amene amayankhula okha iwe uli duu. Lolembalo nditati ndiyankhe funso m'kalasi, mawu anatuluka osasa ngati a munthu wodwala chifuwa. Sindinkadwala. Kummero kunali kutachita dzimbiri.

Chimene chinandipulumutsa sichinali chanzeru kwenikweni. Mayi wina wa ku Chile wa m'kalasi mwathu, wamkulu kwa tonsefe, anandifunsa kuti ndimawerengera kuti, nditamuuza anangopukusa mutu. Iye ankafika ku laibulale 9 koloko m'mawa tsiku lililonse, kukhale kalasi kusakhale, n'kuweruka 5 koloko ngati wa muofesi. Ndinayamba kumutsatira. Sitinkacheza kwambiri, koma 1 koloko tinkadya limodzi zimene aliyense wabwera nazo m'kontena, ndipo ndikajomba ankanditumizira uthenga wa mawu awiri. Basi, panapezeka munthu wondidikira. Kenako ndinawonjezera zina ziwiri: Lachitatu madzulo kwaya ya ophunzira, ngakhale mawu anga ndi ongothandizira gulu, ndipo Loweruka m'mawa ndinkakathandiza mwaulere mu shopu ya zachifundo, kusankha ndi kupachika zovala. Sabata inakhala ndi mizati itatu, denga n'kuima.

Ndiye malangizo anga aakulu ndi amenewa, ena onsewa ndi ndiwo chabe: usanathe mwezi woyamba, upeze zinthu ziwiri kapena zitatu zochitika tsiku lomwelo, nthawi yomweyo, sabata iliyonse, ndi anthu omwewo, zoti ukapanda kupita wina azindikira. Kaya ndi tchalitchi, mzikiti, mpira wa manja, gulu lothamanga, kalabu ya ophunzira ochokera kumaiko ena, zilibe kanthu. Yunivesite iliyonse ili ndi bungwe la ophunzira lokhala ndi magulu ochuluka, ndipo sabata yoyamba onse amayala matebulo kukopa anthu. Ulembetse ngakhale ukuchita manyazi. Ubwenzi kumeneko subwera chifukwa choti mwakhala moyandikana m'basi kapena mwagundana pa masitepe. Umabwera chifukwa chobwerezabwereza, nkhope imodzimodzi pa malo amodzimodzi, mpaka tsiku lina wina anena kuti tiye tikamwe khofi.

Za mdima ndikambeko pang'ono, chifukwa umagwirizana ndi zomwezi. Glasgow ili kumpoto kwambiri. Cha pa 21 Disembala dzuwa limatuluka cha m'ma 8:45 m'mawa n'kulowa cha m'ma 3:45 masana, maola 7 okha a kuwala, ndipo kuwala kwakeko nthawi zambiri n'kotuwa ngati phulusa. Lamlungu lomaliza la Okutobala amabweza mawotchi m'mbuyo ndi ola limodzi, ndiye madzulo amagwa mwadzidzidzi ngati wina wazimitsa getsi. Amadzawabwezeretsa Lamlungu lomaliza la Malichi. Izi zikutanthauzanso kuti kusiyana kwa nthawi pakati pa iwe ndi abale ako kudzasintha ndi ola limodzi kawiri pa chaka, uwauziretu. Thupi limamva mdima umenewu. Umatopa osagwira ntchito, umafuna zotsekemera, umalira ndi nyimbo yosaliritsa. A NHS, amene ndi a zaumoyo a boma, amalangiza kuti anthu azimwa vitamin D ma microgram 10 patsiku nyengo yozizira, ndipo akhungu lakuda ngati ife aganizire zomwa chaka chonse, poti khungu lathu silipanga wokwanira ndi kadzuwa kofooka ka kumeneko. Timapiritsi take n'totchipa, timapezeka mu sitolo iliyonse yaikulu. Ndipo masana kukangoti ngwee, siya buku, tuluka, ukayende mphindi 20. Buku lidikira. Malipiro ake amabwera mu Juni, pamene 10 koloko usiku kumakhala kukadali kowala ndipo anthu onse amakhamukira ku mapaki ngati ziwala.

Usagule zovala zambiri za mphepo usananyamuke. Vuto la Glasgow si chisanu choopsa, chipale chofewa chimagwa mwa apo ndi apo ndipo sichichedwa kusungunuka. Vuto ndi chinyontho ndi mphepo. Chofunika ndi jekete losalowa madzi lokhala ndi chipewa chake, nsapato zosalowa madzi, masokosi okhuthala, ndi zovala zopyapyala zovala mophatikiza, chifukwa m'nyumba ndi m'basi mumatentha ndipo uzidzavula ndi kuvala tsiku lonse. Ambulera ine ndinathyola awiri, wachitatu sindinagule. Mashopu a zachifundo monga a Oxfam kapena British Heart Foundation amagulitsa majekete abwino pa mtengo wotsika, pamodzi ndi mapoto, makapu ndi mabuku.

Ukangofika, sabata yoyamba yomweyo, ukalembetse kwa GP, dokotala wa dera limene ukukhala. Usadikire kudwala, chifukwa kulemba mafomu mutu ukuwawa ndi chilango. Pofunsira viza umalipiriratu ndalama ya zaumoyo, imene kuyambira mu Febuluwale 2024 ndi £776 pa chaka kwa ophunzira. Ufunse okuthandizawo ngati akulipira ndi iwo. Ukalipira imeneyo, kuonana ndi dokotala sulipiranso, ndipo ku Scotland mankhwala olembedwa ndi dokotala ndi aulere kuyambira mu 2011, pamene ku England amalipira. Ukadwala usiku koma si zoika moyo pachiswe umaimba 111, zikakhala zadzidzidzi zenizeni 999. Ndipo mtima ukalemera kwambiri, ku yunivesite kuli aphungu aulere, komanso a Samaritans, bungwe lomvetsera anthu amene mtima wawalemera, amayankha foni usana ndi usiku pa 116 123. Nambala imeneyi uisunge mu foni ngakhale ukuona ngati ndiwe wolimba. Mwina adzaifuna ndi mnzako.

Malo ogona. Ngati ungathe, chaka choyamba tenga chipinda cha yunivesite, ngakhale chikhale chokwererapo pang'ono. Magetsi, kutenthetsa m'nyumba ndi intaneti zimakhala m'kati mwa lendi, ndipo khitchini yogawana ndi anthu asanu, ngakhale ili ndi mbale za mu sinki zija, ndi malo amene umakumana ndi munthu usanakonzekere. Ukasankha nyumba ya landilodi wamba, dziwa izi. Usatumize ndalama pa nyumba imene sunaione iwe kapena munthu amene umamukhulupirira. Akuba a pa intaneti amadziwa bwino kuti mu Ogasiti ophunzira akunja amakhala ali kakasi. Ku Scotland landilodi aliyense amayenera kulembetsa ku khonsolo, ndipo kaundula wake ukhoza kumuona pa intaneti. Dipoziti siiyenera kupitirira lendi ya miyezi iwiri, ndipo landilodi sasunga m'thumba mwake, amayenera kuipereka ku bungwe lovomerezeka losunga madipoziti pasanathe masiku 30 ogwira ntchito. Tsiku lolowa ujambule chilichonse, banga la pa kapeti, mng'alu wa pa sinki, nkhungu ya pakona. Ine sindinajambule, ndipo potuluka ndinalipira banga limene ndinalipeza. Wophunzira wa nthawi zonse salipira council tax, msonkho wa nyumba, koma sizichitika zokha: umatenga kalata ku yunivesite n'kuipereka ku khonsolo. Kalata yoopseza ikabwera usanjenjemere, ungotumiza umboniwo. Ndipo m'nyumba ya landilodi kutenthetsa umalipira wekha, ndiye udzamvetsa chifukwa chimene anthu a kumeneko amavala juzi m'nyumba mwawo momwe.

Wafunsa ngati ndalama zimakwana. Zimakwana ngati ukuphika wekha. Boma la UK palokha, poyeza ngati wophunzira angadzisamale, kuyambira mu Janyuwale 2025 linkafuna £1,136 pa mwezi kunja kwa London ndi £1,483 mu London, ndipo chiwerengerochi chimakwera, ndiye uone chatsopano. Gawo lalikulu la ndalama imeneyo limathera pa lendi. Yotsalayo imatha mwakachetechete, pa khofi wa pa njira, pa sangweji ya masana, pa chakudya choitanitsa usiku umene watopa. Kulipira kwake n'kongogunditsa khadi kapena foni pa kamakina, sumva kupweteka ngati mmene umamvera powerenga ndalama m'manja. Ine ndinatsegula akaunti yachiwiri, Lolemba lililonse n'kumaikamo ya sabata imeneyo yokha. Ikatha, yatha.

Zodya zanga zinali zosasangalatsa kuzilemba: mpunga, pasta, mbatata, mazira, nyemba za m'chitini, nkhuku, kabichi, anyezi, ndi masamba owumitsidwa mufiriji amene sawola. Ndinkagula ku Aldi kapena Lidl kamodzi pa sabata, ndipo madzulo masitolo ambiri amamata timapepala tachikasu pa zakudya zotsala pang'ono kutha masiku n'kutsitsa mtengo. Udzaona ophunzira akuzungulira pamenepo ngati akabawi. Lamlungu ndinkaphika mphika waukulu n'kugawa m'makontena a masiku anayi. Mu mzindamo muli masitolo a anthu a ku Africa ndi a ku Asia, kumene udzapeze zambiri zimene m'kamwa mwako mudzazilakalake, koma mtengo wake ndi woti uzipitako tsiku limene mtima wapukwa, osati tsiku lililonse. Ndipo leka msanga chizolowezi chosintha mtengo uliwonse m'mutu kuti uone kuti kwanu ikanakhala zingati. Ukatero sudzagula ngakhale tomato.

Pa mayendedwe, mapazi ndiwo galimoto yako. Glasgow ili ndi sitima yapansi yoyenda mozungulira, masiteshoni 15 okha, inatsegulidwa mu 1896, ndipo n'kovuta kusochera nayo poti ukapitirira umangozungulira n'kubwereranso. Mabasi aulere ku Scotland ndi a osakwana zaka 22, ndiye iwe wachedwa ndi zaka ziwiri, pepa. Koma khadi ya achinyamata yotchedwa 16-25 Railcard ikukuyenera, imachotsa gawo limodzi mwa magawo atatu a mtengo wa sitima, ndipo Edinburgh ili pafupifupi ola limodzi. Nyumba zambiri zosungiramo zakale n'zaulere kulowa. Ku Kelvingrove, imodzi mwa nyumbazi, ndinapitako mwina kakhumi, masiku ena osati chifukwa cha zithunzi ayi, koma poti munali motentha, mowala, ndiponso modzaza anthu.

Tsopano ganyu, ndipo apa utchere khutu chifukwa ndi pamene anthu amapsa. Viza ya wophunzira wa digiri imalola maola 20 pa sabata nthawi ya sukulu. Sabata yake amaiwerenga kuyambira Lolemba mpaka Lamlungu, ndipo sungagwire 25 sabata ino n'kubweza ndi 15 sabata yamawa. Kwa wa masitazi, miyezi ya dissertation ija mayunivesite ambiri amaiwerenga ngati nthawi ya sukulu ndithu, osati tchuthi, ngakhale makalasi atha. Ufunse ku ofesi ya ophunzira akunja, akulembere pa imelo. Safunsa anadya phula. Chinanso, viza imeneyi siilola kudzilemba wekha ntchito. Izi zikutanthauza kuti kuluka anthu tsitsi m'chipinda mwako n'kumalandira ndalama, kugulitsa zophikaphika, ngakhale kugawa chakudya pa njinga kudzera pa ma app ambiri aja, ndi kuphwanya malamulo a viza. Udzaona ena akuchita ndipo adzakuuza kuti palibe amene amaona. Mwina. Koma chimene ukuika pa juga ndi digiri yonse. Ntchito yovomerezeka imafuna nambala ya boma ya ogwira ntchito yotchedwa National Insurance, imene umafunsira pa intaneti kwaulere, ndipo malipiro otsikitsitsa a munthu wa zaka 21 kupita m'mwamba anali £12.21 pa ola kuyambira mu Epulo 2025. Pa mtengo wa nthawi imeneyo, maola 20 ndiye kuti £244 ndi timakobiri pa sabata. Ndi ndalama ndithu, koma uwawonjezere pa maola 35 aja, uone munthu amene atsale. Poti iwe uli ndi thandizo, ine ndikanati maola 8 kapena 10 akukwanira, ndipo uyambe wawerenga ngati okuthandizawo amalola. Kujomba m'kalasi nakonso si nkhani ya iwe ndi aphunzitsi okha: yunivesite imalemba amene akubwera, ndipo imayenera kudziwitsa a Home Office, unduna woona za maviza, wophunzira wa viza akasowa.

Mawu oti mapaundi akangomveka, foni yako idzayamba kulira. Adzakhala anthu amene umawakonda, ndipo mavuto awo adzakhala enieni. Sindikuuza kuti uume mtima. Koma ukhale pansi ndi makolo usananyamuke, uwaonetse pa pepala ndalama imene uzilandira ndi kumene izipita, lendi, chakudya, basi, kuti iwo adzakuyankhire kwa ena. Ndalama ya wophunzira anaiyeza kuti ikwane munthu mmodzi wosadya zonona. Ine ndinatumiza ya lendi mwezi wina chifukwa chochita manyazi kukana, ndipo masabata atatu otsatira ndinadya mpunga ndi mazira, uku pa foni ndikunena kuti zonse zili bwino.

M'kalasi muli zodabwitsa zake. Aphunzitsi, ngakhale pulofesa wa imvi, amafuna uziwatchula dzina lawo loyamba. Lilime langa linakana kwa mwezi wathunthu, ndinkangoyamba chiganizo popanda dzina. Mu seminar, kalasi yokambirana, amayembekezera kuti utsutse, ngakhale kutsutsa iwo amene, bola upereke chifukwa; ukakhala chete mwaulemu amaganiza kuti sunawerenge. Mamakisi nawo asakuphe mtima. M'mayunivesite ambiri a ku UK, pa masitazi 50 ndiye wakhoza, 60 wachita bwino, 70 ndi distinction, ndipo 80 ndi yosowa ngati mvula ya mu chilimwe. Pepala langa loyamba ndinapeza 58, ndinalira mu bafa, kenako ndinamva kuti theka la kalasi lili pomwepo. Ndemanga ya aphunzitsi inati ndafotokoza bwino zimene ena analemba, koma maganizo anga sakuoneka. Zimenezo ndiye anali kufuna: iwe ukuti bwanji, ndipo umboni wako ndi uti. Aphunzitsi aliyense amakhala ndi maola amene chitseko chake n'chotsegukira ophunzira, ndipo ambiri amangokhala okha kudikira. Pita, ngakhale ndi funso limene ukuliona ngati lopusa.

Pa kukopera samaseka. Mapepala amadutsa mu Turnitin, pulogalamu yofananitsa zimene walemba ndi mabuku, masamba a pa intaneti ndi mapepala a ophunzira ena. Chiganizo cha munthu wina ukachitenga osatchula mwini wake, ngakhale mosadziwa, ukaitanidwa ku komiti. Ambiri amene amagwidwa si akuba, ndi anthu amene polemba manotsi anasakaniza mawu awo ndi a m'buku, kenako usiku womaliza osakumbukira kuti awa ndi a ndani. Kuyambira tsiku loyamba, mawu alionse okopera uziwaika m'zizindikiro pamodzi ndi tsamba lake. Malamulo a kagwiritsidwe ntchito ka AI, mapulogalamu a kompyuta aja otha kulembera munthu, amasiyana kosi ndi kosi, uwerenge a kosi yako.

Chingelezi chako n'chabwino, a ku yunivesite anachivomera, koma cha ku Glasgow ndi nyama ina. Sabata yoyamba dalaivala wa basi anandiyankhula ndipo sindinatolepo liwu ndi limodzi lomwe. Amati aye kutanthauza inde, wee kutanthauza chaching'ono, ndipo chilichonse kwa iwo ndi wee, ngakhale chikwama chachikulu. Wina akati akupita kukatenga messages, ndiye kuti akukagula zinthu kusitolo. Akafunsa kuti how, nthawi zina akutanthauza chifukwa chiyani. Ndipo munthu akakuuza kuti you alright, sakufunsa za umoyo wako, ndi moni chabe. Ine ndinkaima n'kuyamba kufotokoza za chimfine changa, munthu ali kale patali. Potsika basi amathokoza dalaivala, uzitero nawe. Pakatha miyezi iwiri khutu limatseguka lokha. Anthu ake ndi ochezeka, agogo a pa siteji ya basi akhoza kukufotokozera mbiri ya bondo lawo lonse, kungoti kucheza kwa pa msewu sikufika msanga pokuitanira kunyumba.

Za tsankho sindikunamiza kuti kulibe. Kwa ine zinachitika poyera kamodzi m'chaka chonse, mnyamata woledzera usiku wa Loweruka anakuwa mawu onyansa, ndipo mayi wina wachizungu amene sindinkamudziwa anamukalipira kuposa mmene ndikanachitira ine. Zing'onozing'ono ndiye zimachuluka: kudabwa kuti umayankhula bwino Chingelezi, kufuna kugwira tsitsi lako, mfundo yako kudutsa osaimva kenako wina aibwereze n'kuyamikiridwa. Zimatopetsa, ndipo n'chifukwa chake umafunika anthu angapo amene suyenera kuwafotokozera chilichonse. Koma usadzitsekere mwa iwo okha. Ndinaona ena amene chaka chonse anadya, kupemphera ndi kudandaula ndi anthu asanu omwewo a chilankhulo chawo, n'kubwerera ali ndi digiri koma osadziwa dzina la mnzawo wokhala naye pafupi m'kalasi.

Foni ya kunyumba nayo ili ndi mbali ziwiri. Miyezi yoyamba ndinkakhala pa WhatsApp maola atatu madzulo alionse, ndikutsatira maliro, maukwati ndi mikangano yonse ngati ndili pomwepo. Thupi linali ku Glasgow, munthu yense ali kwina. Nditasankha masiku awiri pa sabata oimba mofatsa, amayi anadandaula sabata imodzi yokha, kenako anayamba kusunga nkhani zabwino kudikira tsikulo. Khirisimasi uikonzekere kusanafike Disembala: nyumba za ophunzira zimakhala pululu, pa 25 masitolo amatseka ndipo mabasi ndi sitima pafupifupi zonse siziyenda. Ufunse mu Novembala kuti ndani akutsala, mugwirizane zophika limodzi. Ife tinali asanu ndi awiri ochokera maiko asanu, nkhuku inapsa mbali imodzi, alamu ya utsi inalira, mlonda anabwera mokwiya n'kutsala kudya nafe.

Sunafunse za tsitsi, koma ndikuuza. Ulukitse la nthawi yaitali sabata yonyamuka, ndipo mu sutikesi usiye malo a mesh ndi mafuta amene unazolowera, chifukwa oluka kumeneko alipo koma mtengo wake udzakukhazika pansi. Mafuta odzola utenge ochindikala, hita imaumitsa khungu mpaka kutuwa. Mapepala a sukulu, kalata ya yunivesite ndi ya okuthandiza zikhale m'chikwama cha m'manja, osati chopita pansi pa ndege. Ndipo kumapeto kwa Novembala undilembere, undiuze kuti Lachiwiri limenelo 1 koloko unadya ndi ndani.